Ziganizo Khumi za a Nakhumwa

Anthu amaganiza kuti wotayipa amawerenga zimene akutayipa. Limenelo ndi bodza. Maso amaona chilembo, chala chimagunda, koma mutu umakhala uli kwina, mwina ku Limbuli ukusankha zitenje. Ine Alefa ndinagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi chimodzi pa Chitakale, m'kachipinda ka mayi Rashida kuseri kwa golosale yawo, ndipo mukanandibweretsera kalata yonditukwana ine ndemwe ndikanaitayipa mpaka kumapeto, n'kukufunsani ngati mukufuna envelopu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene a Felix Nakhumwa anamukhulupirira.

A Nakhumwa anali mkulu wamtali, woonda, wovala jekete yosuluka ya mabatani atatu osiyana mitundu. Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera kutsidya, ku Milanje, ndipo anagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi zaka makumi anayi ndi chimodzi, kuyambira kuthyola masamba mpaka ukapitawo. Atapuma anakakhala kwa mwana wawo Joice pa Nkando. Koma mkazi wawo, Anesi, ndi ana awo awiri anatsala ku esiteti kuja. Atatuwo anamwalira nthawi imene kwawo kunali nkhondo, kosapitika ndi maliro, ndiye anaikidwa kuseri kwa kompaundi yakale, pakona ya munda wa nambala naini, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chulu. Panali manda asanu ndi anayi, opanda chiliza ndi chimodzi chomwe. Abale a enawo anabwerera ku Mozambiki nkhondo itatha, kompaundi ija inagwetsedwa, ndipo anatsala a Nakhumwa okha odziwa kuti pamenepo pagona anthu.

Mu 2005 kunabwera manijala watsopano amene anafuna kubzala bulugamu m'munda umenewo, wa nkhuni za kufakitale. Anakhoma chikalata pa bolodi kuti amene ali ndi mawu pa munda wa nambala naini alembere komiti. A Nakhumwa anachimva atapita kukalambula pamanda mvula itasiya. Chimene ankafuna chinali chimodzi: katapila wosalaza munda akadzabwera adzalambalale kakona kaja, ndipo patsale danga loti iwonso adzagone pambali pa Anesi. Zonsezi ine ndinazidziwa mochedwa. Tsiku limene analowa m'kachipinda kathu ndinangoona nkhalamba ndi kope.

Munali mu Juni, chiperoni chitatseka phiri sabata yathunthu. Kopelo analikulunga m'jumbo ziwiri. Linali lodzaza mpaka pachikuto, zilembo zikuluzikulu zopendama, chifukwa maso awo onse anali ndi ng'ala ndipo ankalemba nkhope ili pafupi kukhudza pepala.

“Mwana wanga, unditayipire izi,” anatero. “Usasiyepo kanthu. Ndalemba milungu itatu.”

Ndinatayipa masana awiri, wayilesi ikulira, mayi Rashida akundiuza kudzera pazenera za mpongozi wawo wosamva. Anatuluka masamba khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinaona kuti mawu oti kampani ndi kuthokoza akubwerabwera, ndipo mumtima ndinati awa ndi madala aja otsanzika ntchito osafuna kumaliza. Kupitirira pamenepo sindinamvepo kanthu. Anatenga mapepala awo ndi manja awiri, n'kupita.

Lachinayi cha m'ma thuu koloko anabweranso, jekete ili chinyezi, envelopu ili m'manja.

“Aikana,” anatero atakhala pabenchi. “Kalaliki akuti bwana watsopanoyu sawerenga zopitirira tsamba limodzi. Akuti komiti ikhala mawa mmawa, ndiye lero pofika folo koloko tsamba limodzilo likhale lili muofesi.”

“Ndiye titani, agogo?”

“Iwe waziwerenga zonse. Chimene ndikufuna ukuchidziwa. Tenga chimenecho, uike pamenepo.”

Apa ndi pamene ndikanapulumuka. Ndikanati, agogo, ine sindinawerenge, ndiuzeni. Koma ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndi setifiketi ya kompyuta ya ku Limbe itapachikidwa kumbuyo kwanga, ndipo pa Chitakale ponse ankanditchula kuti mayi wa makina. Komanso kwathu mwana safunsa munthu wamkulu kuti kodi kwenikweni mukufuna chiyani, ngati wapolisi. Manyazi ndi matama zinagwirizana, ndipo ndinayankha kuti ee, ndikuchidziwa. Safunsa anadya phula.

Mu pulogalamu yolembera ija munali kabatani kena kofupikitsira zolemba. Ukakadina, kamakufunsa kuti ukufuna chidule chotalika bwanji, kenako makina amasankha okha ziganizo zimene akuti ndiye zofunika. Ine ndinkakakonda kwambiri. Aphunzitsi ndi anthu a m'mabungwe ankabwera ndi malipoti a masamba makumi anayi, ine n'kudina, iwo n'kuchoka akundiyamika nzeru. Palibe anabwererapo kudzadandaula, ndipo ndinkayesa kuti n'chifukwa makina salakwa. Lero ndikudziwa kuti malipoti amenewo kunalibe wowawerenga.

Ndinadina, n'kupempha ziganizo khumi. Zinatuluka ndisanameze n'komwe mate.

Zinali zokoma kuziwerenga, sindikana. “Ndikuthokoza kampani chifukwa inandilandira ndili mnyamata wopanda nsapato. Ndikuthokoza mabwana onse a kampani, amoyo ndi amene anatsogola. Kampani ndi mayi wanga, kampani ndi bambo wanga. Ine ndilibe mawu oipa pa kampani.” Zinapitirira chomwecho mpaka chakhumi. Ndinati basi, ndimadziwa ine. Ndipo poti tsamba linkaoneka lamaliseche, ndinawonjezera mutu pamwamba ndi zilembo zakuda bii, wakuti KUTHOKOZA. Mutu umenewo sanalembe makina, ndinalemba ine.

A Nakhumwa analiyandikiza pepalalo kumaso, kulipendeketsa cha kuzenera, koma zilembo za pulinta zinali zazing'ono kwa iwo.

“Zonse zilimo?”

“Zofunika zonse zilimo, agogo.”

Anasisita bondo. “Ndi zija?”

“Ndi zija zomwe.”

Akanati ndiwawerengere, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma nthawi inali itakwana hafu pasiti thuu, minibasi inali kuitanira pa siteji, ndipo iwo anali munthu woti akakufunsa kamodzi safunsanso. Ndinawaikira chala pamalo posainira. Anasaina, n'kubisa pepala m'kati mwa jekete kuopa mvula.

Patapita milungu iwiri anabwera akumwetulira, atanyamula jumbo ya mapeyala. Anati anaitanidwa kuofesi. Manijala anatuluka yekha, anawagwira chanza pamaso pa makalaliki onse, anawapatsa bulangete ndi ambulera, ndipo anawauza kuti kalata yotere sanailandirepo chiyambire ntchito. Kalatayo anaikhoma pa bolodi kuti achinyamata aphunzirepo.

“Anati, zonse tamva, madala, pitani mukapume,” anatero a Nakhumwa. “Ndiye ine ndikanafunsanso chiyani? Munthu wamkulu akati wamva, n'kukupatsa bulangete, ndiye kuti wavomera. Kubwerezanso kukanakhala kumutenga ngati wabodza.”

Ine ndinaseka nawo, osadziwa chimene avomeracho. Mapeyala ndinagawana ndi mayi Rashida, ndipo anali onona.

Sindinawaonenso mpaka Januwale. Ndinamva pambuyo pake kuti Joice anawatengera kuchipatala kukachotsa ng'ala, diso limodzi linachira, lina linavuta, ndipo anagona miyezi iwiri osatuluka m'nyumba. Novembala, mwezi umene ankapita kukapemphera pamanda, unadutsa ali chigonere. Sanade nkhawa, poti anali ndi mawu a bwana.

Analowa mmawa wina mvula ikuwaza, nsapato zili matope ofiira mpaka m'zingwe. Sanapereke moni. Zimenezo zokha zinandiimitsa mtima, chifukwa a Nakhumwa ankapereka moni ngakhale kwa mphaka wa mayi Rashida. Anatulutsa pepala lija, litasanduka lachikasu, lili ndi mabowo a mapini m'makona, n'kuliika pa tebulo.

“Ndalichotsa pa bolodi,” anatero. “Diso ili likuona tsopano, ndawerenga ndekha. Koma mwina diso latsopano limanama. Ndiwerengere iwe.”

Ndinawerenga ziganizo zonse khumi. Iwo ankaziwerengera pa zala.

“Chatha?”

“Chatha, agogo.”

“Ndachokera ku nambala naini. Mango aja kulibe. Chulu chija kulibe. Kuli timitengo ta bulugamu m'mizere, kuyambira kumsewu mpaka kumtsinje.” Anagogoda pepala lija ndi chala. “Pamenepo panali mkazi wanga ndi ana anga awiri.”

Aka kanali koyamba kumva za mandawo, ine amene ndinali nditawatayipa ndi zala zangazi.

Anandiuza kuti nditsegule kalata yaitali ija, ngati ikadalimo. Inalimo. Ndinaiwerenga tsiku limenelo koyamba, iwo ali pabenchi, wayilesi nditazimitsa. Masamba atatu oyamba anali moni ndi kuthokoza. Kenako mbiri ya ntchito yawo, manijala aliyense kumutchula dzina ndi chabwino chimene anachita, ngakhale uja anawadula malipiro chifukwa cha mvula. Ndime iliyonse inkayamba ndi kuthokoza kampani n'kutha ndi kuthokoza kampani. Pa tsamba la khumi ndi chisanu ndi chimodzi, pakati pa ndime, panali chiganizo chimodzi: “Ngati n'kotheka, mabwana anga, pakona ya munda wa nambala naini pansi pa mango pali manda a mkazi wanga ndi ana anga awiri ndi anthu ena asanu ndi mmodzi, ndiye katapila akapalambalale.” Chotsatira chake chinali kupepesa chifukwa chowatayitsa nthawi, ndi masamba ena atatu othokoza.

“Ndi chimenecho,” anatero. “Nanga chinatsala bwanji?”

Ndinayamba kulongosola, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinalongosola bwino. Ndinati makinawa samva Chichewa kapena Chizungu, amangowerengera. Liwu limene labwera kambirimbiri amaliyesa lofunika, ndiye amasankha ziganizo zimene muli mawu amenewo. Ndinawaonetsa ndi chala pagalasi. Liwu loti kampani linabwera kokwana zana limodzi ndi kasanu ndi kawiri. Kuthokoza kunabwera makumi asanu ndi limodzi. Liwu loti manda linabwera kamodzi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi.

“Popempha kwa akuluakulu sufikira pankhani ngati ukugula mchere. Umayamba wayamika, umakumbutsa zabwino, mtima wawo ufewe. Ndimo mmene tinaphunzirira ife. Ndipo chinthu chopweteka suchinena kawiri, mwana wanga. Ndinakhala masiku anayi ndisanalembe mzere umenewo.”

“Pepani, agogo. Ndi makinawa.”

“Makinawa ndi achilendo, alibe mlandu. Sanabadwire kuno.” Anakweza mutu n'kundiyang'ana ndi diso lochira lija. “Koma ine sindinafunse makina. Ndinafunsa iwe kuti ndi zija, iwe unati ndi zija zomwe.”

Ndinalira, kulira konyansa kwa munthu wolakwa, mpaka mayi Rashida anasuzumira pazenera n'kubwerera. A Nakhumwa sananditonthoze ndipo sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Nditatontholako anati, “Tsegula tsamba latsopano. Poti amamva zobwerezabwereza, tibwereze. Lemba kuti: Mkazi wanga Anesi ndi ana anga Rosie ndi Gabriel ali m'manda m'munda wa nambala naini.”

Ndinalemba.

“Lembanso.”

Ndikanatha kungokopera mzerewo ndi batani limodzi tsamba n'kudzaza. Sindinatero. Iwo ankanena, ine n'kutayipa, iwo n'kunenanso. Munthu amene kwa zaka pafupifupi makumi awiri sanatchule mayina amenewo pagulu anawatchula makumi atatu ndi kamodzi mmawa umenewo, m'kachipinda konunkha sopo ndi palafini. Pofika chapakati mawu anali atasasa. Moni sitinaikepo, kuthokoza sitinaikepo.

Ndinapempha mayi Rashida kuti ndiwaperekeze. Anangoti pita, ndipo anandibwereka ambulera.

Kuofesi ya esiteti kalaliki anawerenga mizere itatu yokha n'kuimirira. Posakhalitsa manijala anatuluka, pepala lili m'manja. Ndinkafuna kuti akhale munthu woipa, wamimba yaikulu ndi mawu onyoza, kuti mlandu tigawane. Koma anali bambo wachichepere wofatsa, ndipo nkhope yake inali itagwa.

“Madala, bwanji simunanene?” anafunsa. “Ine ndinafunsa kuti aliyense ali ndi mawu alembe. Tsiku lija ndinakugwirani chanza apa. Mukanangonena liwu limodzi.”

A Nakhumwa sanandiloze. Anangoti, “Ndinayesa mwamva, bwana.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mbali yanga, ndipo ndinanenadi, mwachibwibwi, za masamba khumi ndi asanu ndi anayi ndi kabatani kaja. Manijala anandiyang'ana kamodzi. Anaitana kapitawo wa kumunda, n'kumuuza kuti atenge zikhomo, chingwe ndi hamala, apite ndi madalawa. Anati paliponse pamene aloze, mitengo izulidwe, pamangidwe mpanda, ndipo kampani idzaika chiliza. Anatinso malo a iwo eni adzasungidwa pambali pake. Zonse zimene a Nakhumwa anafuna anapatsidwa m'mphindi zosakwana zisanu, ataimirira pakhonde.

Tinakwera ngolo ya thirakitala. Mvula inali italeka koma mitambo inali pansi, phiri losaoneka. Tinadutsa minda ya tiyi, azimayi akuthyola atavala mapepala a pulasitiki, mpaka tinafika pamene tiyi anathera.

Munda wa nambala naini unali waukulu kuposa mmene ndinkaganizira. Katapila anali atausalaza wonse. Anazula zitsa, anagumula zulu, anakwirira maenje a kompaundi yakale, ndipo ngakhale kamsewu kolowera anakasuntha kuti kawongoke. Ponseponse panali dothi lofiira ndi timitengo tofika m'mawondo, tofanana tokhatokha, motalikirana mofanana.

“Ndi pati, madala?” anafunsa kapitawo, zikhomo zili paphewa.

A Nakhumwa anatsika n'kulunjika kukona ya kum'mawa, akuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Ife tinawatsatira. Atayenda ndithu anaima, anayang'ana kumtsinje, anayang'ana kumbuyo. Anabwerera pang'ono. Anayamba kuwerenga mapazi kuchokera pamene ankati panali mpope wa kompaundi, koma mpopewo panalibe, ndipo atafika makumi anayi anaima n'kuyambiranso kuchokera pena. Anagwada, anafukula dothi ndi manja kufuna muzu wa mango. Anapeza phale la mbale. Anasuntha, anafukulanso. Ankalankhula okha motsitsa m'Chilomwe, ndipo ine ndinangomva dzina la Anesi.

Ola linakwana. Kapitawo anali munthu wachifundo, koma anali ndi antchito omudikira. Anayandikira n'kunena monong'ona kuti, “Madala, ingolozani chapafupi. Kaya ndi apa, kaya ndi apo, ndi munda womwewu. Bwana avomera kale. Tikhome, tizipita.”

Inenso ndinkafuna akanaloza. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna akanaloza paliponse, kuti pakhale mpanda ndi chiliza, ine ndizikagona tulo.

A Nakhumwa anadzuka, mawondo a thalauza ali matope. Anayang'ana mizere ija mbali zonse, nthawi yaitali.

“Ndikaloza apa, mwina iwo ali apo,” anatero. “Ndiye mudzandiika ndekha mumpanda, iwo ali kunja, mitengo ikuwamera pamwamba. Iyayi. Sindinganame.”

“Ndiye titani?”

“Sindikupadziwa, mwana wanga. Ndapataya.”

Kapitawo anadikira pang'ono, kenako anabweza zikhomo zonse m'ngolo. Pobwerera a Nakhumwa anakhala chakumbuyo, atayang'ana kumunda kuja mpaka tinakhota.

Anabwererako kawiri ndi Joice chaka chimenecho, osapapeza. Anamwalira chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti, ndipo anaikidwa pa Nkando, m'manda a kwawo kwa mkamwini wawo, pakati pa anthu amene sanawadziwe.